Nkhwani wa pa Phiri la Zinyalala

Tsiku lonyamuka, mlongo wanga Veronika anatiperekeza mpaka pamsewu wa tala pa Golomoti, mwana ali kumbuyo, chikwama cha mwamuna wake chili pamutu. Ine ndinali nditakhalako kale ku Joni, choncho ndinkayenda ngati msewuwo ndinaulambula ndine. Alamu anga a Gelevaziyo anali asanapitirirepo pa Dedza. Ndine ndinawanyengerera kuti tipitire limodzi. Chaka chimenecho madzi anali atakokolola mpunga wawo ku Bwanje, ndipo ine mwinimbumba sindikanangopinda manja ana a mlongo wanga akugonera mango aawisi.

Minibasi itaima, Veronika anandikokera pambali.

"Achimwene, munthuyu mwamutenga ali bwinobwino. Mukandibwezere ali chomwechi."

"Iwe, ukuyesa ndikukamugulitsa?" ndinatero ndikuseka. "Angagule ndani mkamwini wodya ngati ameneyu?"

Sanaseke. Anangondiyang'anitsitsa mpaka ndinayankhula zimene ankafuna kumva. Ndinati ndidzabwera naye ndekha, ndidzamupereka m'manja mwake. Apo m'pamene anatula chikwama chija.

Za m'njira zinasokonekera m'mutu mwanga. Ndimangokumbukira kutentha kwa ku Tete, fumbi lolowa mpaka m'mano, ndi mutu wa alamu ukugwedezeka paphewa panga ali m'tulo.

Kumudzi ndinkangoti ndimagwira ntchito pakampani. Sindinaname kwenikweni, koma sindinanenenso kuti kampaniyo inali kudzala la mzinda. Tinafika m'mawa kuli nkhungu, alamu n'kuona chinthu chachikulu chitaima kutsogolo kwathu.

"Kani kunonso kuli mapiri?" anafunsa.

"Limenelo si la Mulungu, alamu. Analiunjika ndi anthu."

Nkhungu itayamba kuchoka anadzionera okha. Malole ankakwera mozungulira phirilo, imodzi pambuyo pa inzake, osaleka. Pamwamba pake akatapila ankakankha zinyalala, ndipo pamwamba pa akatapilawo pankazungulira mbalame zoyera, akakowa enieni, omwe aja amatsata alimi m'minda ya mpunga. Mphepo ikaomba, majumbo ankanyamuka pang'onopang'ono n'kukasakanikirana ndi mbalamezo, mwakuti sunkadziwa kuti chamoyo n'chiti. Alamu anaima nthawi yaitali kukamwa kuli yasa. Fungo ndiye musanene. Masabata oyamba ankasanza m'mawa uliwonse, kenaka mphuno zinangofa monga zinafera zathu tonse.

Ntchito yake inali yotola ndi kusankha. Lole ikakhuthula, tinkathamangira ndi matumba akuluakulu: mabotolo oyera paokha, obiriwira paokha, makatoni, zitini, mawaya a mkuwa. Kumunsi kwa phiri kunali chishedi cha kampani imene inkagula zimene tatola n'kuzifinya m'mabelo. Mabelo ena ankapita kudoko kukakwera sitima zopita maiko akutali. Ena ankachokera komweko kubwera kwa ife, atamangidwa bwino ndi mawaya, ndipo ukawamasula umapeza theka lake ndi zosagulitsika, zongoyenera kukwezedwa kuphiri. Zimenezi zinkandipsetsa mtima. Zinyalala za eni ake zinkawoloka nyanja zili ndi mapepala ake onse, zodindidwa, pamene ife anthu tinkabisala tikangoona galimoto ya apolisi.

Alamu sankapsa mtima ndi kanthu. Iwo ankatola chinthu n'kuyamba kucheza nacho. Nsapato imodzi ya mwana, foni yosweka, botolo lolembedwa zilembo zonga mapazi a nkhuku.

"Alamu, mwini wake wa ichi ali kuti panopa? Akudziwa kuti chili m'manja mwa Gelevaziyo wa ku Mtakataka?"

"Ponyani m'thumba icho! Sitinabwere kudzacheza ndi zinyalala."

Ankaseka, n'kuponya, n'kuyamba kuimba. Kwathu anali a kwaya kutchalitchi chathu cha kufupi ndi ku Mua, ndipo nyimbo ankazidziwa mpaka ndime zimene anthu ena amangong'ung'udza. Pakati pa phokoso la akatapila umamva mawu awo akukwera ndi kutsika, ndipo ngakhale anyamata aukali a ku Zimbabwe, amene tinkalimbirana nawo makatoni, ankawasiyira njira. Ine ndinkachita nawo manyazi pang'ono, koma pansi pa mtima ndinkanyadira kuti mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu.

Chimene chinkativuta kwambiri sichinali fungo kapena kuzizira. Chinali ndiwo. Kabichi lero, kabichi mawa, mkuja mitu ya nkhuku. Munthu wokulira kudimba amafika pomalota masamba. Alamu ankati akatseka maso amaona nkhwani wotendera ali m'mbale ya Veronika, yobenthuka m'mphepete ija.

Tsiku lina mvula yoyamba itagwa, anandikodola kuti ndiwatsate. Tinazungulira kuseri kwa phiri, mbali imene malole anasiya kutayako kalekale. Kumeneko kunali zii, phokoso lonse litatsalira mbali inayo. Nthunzi inkatuluka m'nthaka. Ndipo pakati pa matayala akale ndi zidutswa za mapulasitiki panali patayanga nkhwani wodzimerera yekha, wobiriwira kuti bii, maluwa ake achikasu atatseguka. Pambali pake panali bonongwe ndi timitengo ta matimati. Alamu anagwada n'kugwira tsamba limodzi ndi manja awiri ngati akupereka moni kwa apongozi.

Aliyense wokulira kwathu amadziwa kuti dzungu lokoma ndi la padzala. Amayi ankataya kuseri kwa nyumba phulusa, makoko a nthochi, madeya, zitosi za nkhuku, ndipo mvula ikagwa pomwepo pankatuluka maungu amene m'munda sungawapeze. Dzala likadzaza tinkalikwirira n'kubzalapo nthochi, kapena kutapa dothi lake kupita nalo kudimba. Ndiye ine ndinaganiza kuti ngati kadzala ka amayi kankabereka chotero, nanji dzala la mzinda wonse? Maganizo amenewo anali anga. Ndikunena poyera chifukwa kwa nthawi yaitali sindinkatha kunena.

Tinasankha kachidikha ka m'munsi, pamene dothi linali lakuda losakanikirana ndi phulusa lotuwa. Panali zotsalira za mabatire a galimoto, zosweka, zambirimbiri. Tinangozikankhira pambali ndi mapazi. Chapafupi pankadutsa kamtsinje kakuda kotuluka pansi pa phiri, kosaphwa ngakhale m'chilimwe, ndipo ine ndinati amenewo ndi madzi ndi manyowa omwe, Mulungu watipatsa zonse pamodzi.

Tili mkati mogalauza panafika mayi wina wachikulire wa ku Lesotho amene anakhala paphiripo zaka zambiri kuposa tonsefe. Tinkangowaitana kuti a Mme, monga amaitanirana kwawo. Anaima ndi thumba lawo kumsana n'kutiyankhula m'chinenero chosakaniza chimene tinkamvana nacho kumeneko.

"Ana inu a ku Malawi, pamenepa musalimepo. Apa anyamata ankaswera mabatire ndi kuwotcha mawaya zaka ndi zaka. Ngakhale galu wanga sindimulola kugonapo."

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindikonda kuphunzitsidwa pamaso pa mlamu.

"Amayi, kwanu kumamera miyala yokhayokha, lero mutiphunzitse ulimi ife? Nthaka yoipa imaoneka. Taonani nkhwaniyu mmene wakondwera."

Anandiyang'ana, anayang'ana alamu, n'kumapita. Alamu anatsamira khasu.

"Alamu, mwina tikanafunsa kaye."

"Tifunse ndani? Inu ndi ine tinakula ndi chiyani, si maungu a padzala? Tafa?"

Mkamwini satsutsana ndi mwinimbumba nthawi yaitali, ngakhale kunja kwa dziko. Anatola khasu n'kupitiriza kugalauza.

Dimba limenelo ndikaliganiza mpaka lero limandibwerera ngati loto labwino, ndipo ndimadana nalo chifukwa cha ubwino wakewo. Alamu anali ndi dzanja la mbewu. Masamba a nkhwani ankakula ngati lichero. Mpiru, therere, matimati, chimanga mizere iwiri, zonse zinkangoti tabwera. Mbiri inamveka kwa Amalawi onse a m'derali. Lamulungu masana ankabwera, a ku Ntcheu, a ku Mangochi, a ku Nkhata Bay, wina atanyamula mtedza, wina mchere, wina kawailesi. Tinkasinja nsinjiro m'chitini ndi chitsulo cha galimoto. Tikatha kudya tinkagona chagada pamakatoni, utsi wabuluu wa kuphiri ukudutsa pamwamba pathu, akakowa akubwerera kogona, alamu akuimba chapansipansi. Panthawi imeneyo palibe ankakumbuka apolisi kapena kapitawo. Ine ndinkangomva ngati ndikadzuka ndiona milambe ya kwathu ndi njanji ikunyezimira ndi dzuwa.

Tinajambula dimbalo pafoni n'kutumizira Veronika. Anaimba akuseka.

"Kodi muli ku Joni kapena mwabisala ku Bwanje konkuno?"

"Mwamuna wako wanenepa, sudzamuzindikira," ndinatero.

Zaka zinapita dimba likubereka, ndipo kumudzi zinthu zinayamba kuyenda. Ana anavala yunifolomu, mbuzi zinalowa m'khola, ndipo ine ndinayamba kuunjika malata a nyumba yanga.

Kenaka akuba anayamba kuthyola ndiwo. Ndinauza alamu kuti asamutse kachisakasa kawo akamange m'dimba momwemo, azilondera. Masiku omwewo ine anandilemba m'chishedi muja, pa lamba woyenda yekha amene tinkasankhirapo mabotolo. Kumeneko ankatipatsa magolovesi ndi chophimba kukamwa, nkhomaliro tinkadya buledi, ndipo kudimba ndinkangopitako Lamulungu. Alamu ndiwo ankakhala m'fumbi limenelo tsiku ndi tsiku. Ankalima momwemo, kugona momwemo, kuwotcha maungu paphulusa lomwelo, kudya m'mawa ndi madzulo ndi manja ongopukuta pathalauza.

Zinayamba ngati nthabwala. Khasu linkawapulumuka m'manja, ife n'kumaseka kuti mkamwini wayamba ulesi. Kenaka m'mimba munayamba kupotokola, mwakuti ankagona chopindika tsiku lonse. Dzanja lamanja linalendewera pamfundo ngati tsamba lofota, osatha kulidzutsa. Lamulungu lina anayamba nyimbo imene anaiimba kuyambira ali mwana, n'kuima pakati. Anatiyang'ana mmodzimmodzi kuti wina awakumbutse. Wina anawakumbutsa, anayambanso, n'kuimanso pomwe paja. Tsiku lomwelo munthu amene sanamenyepo ngakhale mbuzi anandigenda ndi mbale chifukwa ndinawafunsa ngati asamba.

Ine ndinati ndi mowa. Ndinawakalipira kwambiri, ndinawakumbutsa za ana, ndinati ndikanena kwa Veronika. Iwo ankangolira, akuti, "Alamu, sindimwa ine, mukudziwa." Mawu amenewo amandiwawa kuposa mbale ija.

Tsiku limene analephera kudzuka, a Mme ndiwo anabwera ndi ngolo yawo yokankhira zinyalala. Tinawagoneka pamakatoni n'kuwakankha mpaka kuchipatala. Dokotala wake anali mayi wodekha. Anawatsegula pakamwa n'kuyang'ana nkhama nthawi yaitali, anawagwira dzanja lolendewera lija, kenaka anatembenukira kwa ine. Amagwira ntchito yanji? Amagona pati? Amadya chiyani?

"Kudya ndiye amadya bwino," ndinayankha monyada. "Ndiwo zamasamba tsiku lililonse, za m'dimba lathulathu."

"Dimbalo lili pati?"

Nditamuuza anaika cholembera pansi. Anatenga magazi a alamu, anatenganso anga. Patapita masiku anatiitana n'kutiuza kuti m'magazi mwa alamu muli mtovu wambiri, chitsulo chofewa chija chimakhala m'mabatire. Unali m'dothi, m'fumbi limene ankapuma, pamasamba, m'zikhadabo. Mwa ine unalimo pang'ono. Anati mankhwala alipo ochotsa wina, m'mimba mudzaleka kupweteka, koma za dzanja ndi za m'mutu sangalonjeze. Mwina zidzabwerera pang'ono, mwina ayi.

Masana omwewo ndinabwereka chikwanje n'kupita kudimba. Ndinatema chilichonse. Maungu ndinawaswa ndi chidendene, chimanga ndinachizula, ndikutukwana phiri, mzinda, ndi anthu onse a kutsidya kwa nyanja amene sindidzawaona. Nditatopa ndinaona a Mme ataima pomwe anaima tsiku loyamba lija. Ndinkafuna anditukwane, anene kuti ndinakuuza. Iwo anangoti, "Ukamaliza usambe m'manja," n'kumapita.

Tinakhalako miyezi ina alamu akulandira mankhwala. M'mimba munaleka, ukali unachepa, koma munthu amene anatsala anali wofatsa mwa mtundu wina, wongoyang'ana patali. Za dimba sankazikumbuka bwino. Nditaona kuti palibenso chodikira, ndinamanga katundu. M'basi, paliponse pamene taima ankandifunsa kuti, "Tafika pa Golomoti?" Ine njira yonse ndinkakonza mawu okauza mlongo wanga, ndipo ndinawakonza bwino ndithu, kuyambira pa nkhwani woyamba uja mpaka pa dokotala.

Tinatsika pa kabaza dzuwa lili pamutu. Veronika anatuluka m'nyumba akululutira, akuthamanga, n'kuima mwadzidzidzi patsala mapazi ochepa. Alamu anavula chipewa ndi dzanja lamanzere.

"Muli bwanji, mayi?" anatero mwaulemu.

Patapita kanthawi nkhope yawo inamasuka, n'kunena kuti, "Vero." Koma mlongo wanga anali ataona kale. Anayang'ana dzanja lija, anayang'ana ine. Mawu onse ndinakonza aja anathawa.

"Anangodwala," ndinatero. "Matenda a kumeneko."

Ndinachita mantha, ndi zokhazo. Ine amene ndinkalimbana ndi anyamata a ku Zimbabwe chifukwa cha katoni imodzi ndinaopa maso a mlongo wanga wamng'ono.

Mudzi ndinaupeza utasintha. Ana amene ndinawasiya akukwawa anali akupita kusukulu, ndipo sankandidziwa. Nyumba zambiri zinali ndi sola padenga. Majumbo anali paliponse, m'mitengo ya minga, m'ngalande za ku Bwanje, m'mimba mwa mbuzi zikaphedwa. Ndinkati ndathawa phiri, koma ndinalipeza litayamba kale kumera kuseri kwa nyumba iliyonse. Ndinamanga nyumba yanga ya njerwa zootcha, ndinakhoma malata aja, ndipo ankawala mpaka kumsewu.

Sipanatenge nthawi kuti ndione kuti anthu akundizemba. Ndikafika pabawo masewera ankatha. Mayi wina anakoka mwana wake amene ankathamangira mpira pakhomo panga. Amene anandimasulira anali chidakwa china pamsika wa Mtakataka.

"Bwana, malata anu akuwala bwino. Nzeru za mlamu wanu zimenezo! Awiri kupita, mmodzi kubwera ndi chuma, mnzake kubwera chitsiru. Tikudziwa ife kukhwima kwa ku Joni."

Anthu anachita kundigwira, apo ayi bwenzi nditamuphwanya. Pobwerera ndinadzilimbitsa mtima kuti alekeni ayankhule, pakamwa ndi pawo. Chachikulu mlongo wanga akundidziwa.

Ndipo zinkaonekadi choncho. Veronika sanandifunsenso kanthu. M'malo mwake anayamba kundisamala kuposa kale lonse. Mpunga woyamba kupuntha unkabwera kwa ine. Akagula usipa kwa a njinga ochokera kunyanja, wabwino ankandipatulira. M'mawa ndinkadzuka n'kupeza pabwalo panga posesedwa. Pondipatsa madzi ankagwada mpaka pansi, maso ali kumbali, chinthu chimene sankachita ngakhale kwa malemu bambo athu. Ine ndinkati magazi ndi magazi, mwanayu wandikhululukira asanamve n'komwe mlandu wake. Ndinkadya mpungawo, ndipo tsiku lililonse limene ndadya, kunena zoona kunkakulirakulira kuvuta.

M'mawa wina ndinapita kwawo kukabwereka nkhwangwa. Alamu anali atakhala pamthunzi wa mlambe, atazunguliridwa ndi majumbo amene anatola m'mudzi. Ankawawongola pabondo ndi dzanja lamanzere n'kumawasanja, oyera paokha, abuluu paokha, akuda paokha. Ntchito imeneyo ankaigwira tsiku lililonse, popanda wowatuma. Veronika ndinamupeza kuseri kwa nyumba akukumba padzala, akutapira dothi lakuda m'dengu. M'dothimo munali mapampasi, mabatire a tochi otumbuka, ndipo pambali pake panali batire la sola long'ambika pakati, ana atachotsamo zam'kati.

"Dothi ili likupita kuti?"

"Kudimba, achimwene. Ndikufuna ndiwabzalire nkhwani bambo a kunowa, mwina angayambe kudya bwino."

Sindikudziwa mmene ndinalumphira. Ndinalanda dengu lija n'kuliponya kutali, ndikukuwa kuti asadzayerekeze, asadzagwirenso dothi limenelo, ana asadzasewerenso pamenepo. Nkhuku zinabalalika. Veronika sanathawe ndipo sanakalipe. Anagwada pomwepo padzala, anaika manja pamodzi, n'kuyamba kuyankhula motsitsa mawu, ngati munthu amene wakhala akuyeseza kwa nthawi yaitali.

"Achimwene, musakwiye. Ine sindinauze munthu, ngakhale abambo mfumu kutchalitchi sindinawauze. Nyumba mwamanga, malata mwakhoma. Ngati pali china chatsala, tengani mbuzi zonsezi, tengani ndi munda wa ku Bwanje. Koma mumasuleni. Ana akukula osawadziwa bambo awo. Chonde, mwana wa amayi anga, mumasuleni."

Mpunga uja, usipa uja, kusesa kuja, zonse zinandibwerera pakhosi. Miyezi yonseyi mlongo wanga ankanyengerera mfiti.

Ndinakhala pansi, padothi lomwelo, n'kumuuza. Sindinakonze mawu ulendo uno, ankangotuluka okha. Ndinamuuza kuti kampani ija inali dzala. Ndinamuuza za nkhwani wodzimerera, za mabatire amene tinakankha ndi mapazi, za a Mme ndi mmene ndinawanyozera. Ndinamuuza kuti mwamuna wake anati tifunse kaye, ine n'kumutseka pakamwa, ndiponso kuti ndine ndinamutuma kukagona m'dimbamo. Ndinamuuza za mtovu ndi zimene dokotala ananena, zonse, osachotsapo. Ndinkalira ngati mwana, ndipo pansi pa mtima ndinkayembekeza kuti akamva kuti sindine mfiti, apepukidwa.

Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenaka anafunsa.

"Dimba lija munatitumizira pafoni?"

"Lomwelo."

"Ndiye kuti palibe chimene munamanga."

"Palibe."

"Palibe choti mumasule."

"Palibe, Vero."

Anayang'ana manja ake akuda ndi dothi. Atayankhula, mawu ake analibe ukali, ndipo bwenzi zili bwino akanakhala nawo.

"Ine miyezi yonseyi ndimati bola muli mfiti, achimwene. Mfiti ukaipepesa imabweza."

Anadzuka, anasasa maondo, anakasamba m'manja pamtsuko. Sanandiyang'anenso. Anapita pamlambe paja n'kukhala pansi pambali pa mwamuna wake, pafupi kwambiri, mapewa kugundana. Anatola jumbo limodzi pamulu, analiwongola pabondo pake, n'kuwafunsa kuti ili lipite pati.